Utsi wa m'diso la bambo watha wokha, kodi tipitebe kuchipatala?

Funso: Adokotala, bambo anga ali ndi zaka 59 ndipo anawapeza ndi matenda a shuga zaka 10 zapitazo. Amamwa metformin, koma thupi likakhala bwino amaleka, n'kudzayambanso akafooka. BP nayonso ali nayo. Mwezi wathawu anadzuka m'mawa akuti diso lakumanja likuona tinthu takuda tikuyandama ngati ntchentche, kenako kunachita ngati utsi. Silinkapweteka. Patatha masabata atatu utsi uja unachepa ndipo pano akuti akuona bwinobwino. Agula magalasi pamsika, Baibulo akuwerenga. Ine ndikuti tipite kuchipatala, iwo akuti ndalama ya thiransipoti tiwonjezere pa feteleza poti diso lachira. Kodi shuga ndi maso zikugwirizana pati? Ndine mwana wawo wamkazi, ku Balaka.

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa, ndipo musagonje pa mkangano umenewu. Ndiyambe ndi chimene chikufunika changu: pitani nawo bambo kwa a zamaso sabata ino. Musadikire kuti mwezi uthe kapena kuti ntchito ya kumunda iphweko. Diso lawo sindinaliyang'ane, koma zimene mwalongosolazi ndimazimva kawirikawiri m'chipinda chopimira. Munthu amene wakhala ndi shuga zaka 10, ali ndi BP, akaona tinthu takuda ndi utsi mwadzidzidzi popanda ululu, choyamba chimene timaganizira n'chakuti kamtsempha kena kang'ambika n'kukhetsera magazi m'kati mwa diso. Utsi umene anauonawo ndi magazi. Kuyera kwa diso, ndiye kuti kutha kwa utsi uja, kukutanthauza kuti magaziwo adikha pansi ndipo thupi layamba kuwachotsa pang'onopang'ono. Chimene chinawakhetsa chikadali momwemo. Pali vuto linanso limene limayamba mofananamo, lomwe ndi kung'ambika kwa kansalu ka kumbuyo kwa diso, koma nalonso ndi lothamangira nalo kuchipatala, ndiye yankho silisintha.

Kuti mukathe kuwafotokozera bambo, ndi bwino mudziwe mmene diso linapangidwira. Kutsogolo kuli kabowo kakuda kamene timati mwana wa diso, polowera kuwala. Kuseri kwake kuli kagalasi koyera mbee, kamene kakachita chifunga timati munthu ali ndi ng'ala. Pakati ponse padzaza madzi onanda, ofanana ndi choyera cha dzira losaphika. Ndiye kukhoma la kumbuyo kwenikweni kwayalidwa kansalu kopyapyala kwambiri kamene kuchipatala timakatchula kuti retina. Kansalu kameneka ndiko kamaona. Kuwala kukagwerapo, kamatumiza uthenga ku ubongo kudzera mumtsempha waukulu wotulukira kuseri kwa diso. Retina ndi yaing'ono koma imadya kwambiri. Poyerekeza ndi kukula kwake, ili m'gulu la ziwalo zimene zimafuna mpweya wochuluka zedi m'thupi lonse. N'chifukwa chake yadzaza timitsempha ta magazi tocheperatu kuposa tsitsi, moti maselo a magazi amadutsamo mondondozana, limodzi pambuyo pa linzake.

Shuga akakhala wokwera m'magazi kwa zaka, amafooketsa makoma a timitsempha timeneti. Poyamba timatupa apa ndi apo ngati timatuza. Ife tikayang'ana m'diso timaona timadontho tofiira ngati poboola ndi singano. Kenako timayamba kuchucha, madzi ndi mafuta a m'magazi n'kumatayikira mu retina, ndipo pamaoneka timawanga tachikasu. Pakapita nthawi timitsempha tina timatsekeka, zigawo zina za retina n'kumakhala osalandira magazi, ngati mbali ya dimba imene ngalande yake yatsekeka ndi matope. Mpaka pamenepa mwini diso sadziwa kanthu.

Retina ikasowa mpweya siingokhala chete. Imatulutsa mankhwala ake achilengedwe, amene timawatchula kuti VEGF, oitanitsa mitsempha yatsopano kuti imere. Munthu angaganize kuti thupi layamba kudzikonza, koma ngozi yagona pomwepa. Mitsempha yatsopanoyi ndi yanthete, makoma ake ndi osalimba, ndipo imamera polakwika. M'malo molowa kumene kuli njala, imayanga pamwamba pa retina n'kukakamira kumadzi onanda aja. Munthu akamakula madziwo amakhwinyata, ndipo pokhwinyatapo amakoka timitsempha tanthete tija mpaka kung'ambika. Kawirikawiri zimachitika munthu ali m'tulo, n'chifukwa chake ambiri amabwera akunena mawu amene bambo anu ananena, akuti ndadzuka nazo. Magazi akakhala ochepa munthu amaona ntchentche kapena ukonde wa kangaude. Akachuluka amaona utsi, mwina kufiira, mwina mdima bii.

Ikasiyidwa, mitsempha imeneyi imakhetsa magazi kachiwiri ndi kachitatu, ndipo nthawi iliyonse diso limatenga nthawi yaitali kuti liyere. Pamodzi ndi mitsemphayo pamamera zipsera zoyera, zolimba ngati ulusi. Zipserazo zikamakhwima zimakoka retina n'kuimatula pakhoma pake. Retina imene yamatuka n'kukhala nthawi yaitali imafa, ndipo palibe dokotala, kaya wa kuno kaya wa ku Johannesburg, amene angaidzutse. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Tsono mungafunse kuti, ngati m'kati mwaonongeka choncho, bwanji bambo akuwerenga? Pali zifukwa zitatu. Choyamba, retina ilibe mitsempha yomva ululu, ndiye ngakhale ichuche kapena ing'ambike, munthu samva kuwawa. Chachiwiri, kuwerenga, kuzindikira nkhope ndi kulowetsa ulusi pasingano zimadalira kachigawo kamodzi ka pakati pa retina, kosaposa njere ya nandolo, kamene timati macula. Kachigawo kameneka kakakhala kouma, munthu angawerenge mpaka mzere wotsiriza wa tchati cha kuchipatala pamene m'mbali monse mwadzaza mitsempha yoopsa ija. Zili ngati mtanda wa denga umene chiswe chaudya m'kati, kunja ukuoneka wabwinobwino mpaka tsiku limene wathyoka. Chachitatu, maso ndi awiri. Limodzi likafooka linzake limabisa, ndipo anthu ambiri satsinzina diso limodzi kuti ayese linalo.

Ndimakumbukira bambo wina, telala wosokera pakhonde la sitolo, amene anabwera atagwidwa dzanja ndi mdzukulu wake. Anandiuza kuti diso lakumanzere linachita utsi chaka chathacho kawiri konse, ndipo kawiri konseko linayera lokha. Kachitatu silinayere. Nditaika kagalasi kanga patsogolo pa disolo ndinapeza retina itadzuka pakhoma, itakokedwa ndi zipsera ngati chitenje chimene wachitsina pakati n'kuchinyamula. Tinatembenukira ku diso lakumanja, limene iwo ankati lilibe vuto. Pamutu pa mtsempha waukulu panali kamtolo ka timitsempha tatsopano, tofiira, topiringizana ngati mizu ya udzu. Tinali tisanang'ambike. Diso limenelo tinalithandiza mwezi womwewo ndipo ankasokabe pamene ndinawaona komaliza, ngakhale kuti ulusi ankawalowetsera ndi mdzukulu uja. Lakumanzere tinalitaya. Akanabwera pamene linayera koyamba, mwayi wolipulumutsa unali waukulu kwambiri.

Ndikufuna mumvetse mfundo imeneyi kuposa zina zonse. Nthawi imene diso layera ndi imene ife timatha kuona retina bwinobwino n'kuithandiza. Magazi akadzaza, kuwala kwa makina athu sikudutsa, ndipo timangodikira kapena kuganiza za opaleshoni yaikulu. Ndiye zimene bambo akuziona ngati kuchira, kwa ife ndi mpata umene watseguka kwa kanthawi. Komanso shuga amene waononga diso lakumanja ndi yemweyo amene akuyenda m'diso lakumanzere. Kawirikawiri maso onse awiri amadwala, kungoti limodzi limatsogola.

Vutoli si lachilendo kwathu kuno. Kafukufuku wotchedwa Malawi Diabetic Retinopathy Study anapima maso a anthu 357 amene ankalandira chithandizo m'makiliniki a shuga ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Zomba Central, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2014. Theka la anthuwo linali ndi zizindikiro za shuga mu retina, ndipo pafupifupi 29 mwa anthu 100 alionse anali atafika poti maso awo ali pachiopsezo. Amene anakhala ndi shuga nthawi yaitali, amene shuga ndi BP zinali zokwera, ndiponso amene anali ndi magazi ochepa m'thupi, ndi amene anali pangozi kwambiri. Bambo anu, mwa zimene mwalemba, ali kale ndi zitatu mwa zimenezi.

Tsopano za ulendo wenizeni. Yambirani pachipatala cha boma cha m'dera lanu ndipo funsani kiliniki ya maso. M'zipatala za maboma mumakhala makilinikala ofisa ophunzira za maso, amene amapima n'kulemba kalata yotumizira wodwala kuchipatala chachikulu. Kwa inu a ku Balaka, njira imalowera ku Zomba Central kapena ku Lions Sight First Eye Hospital ya ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli madokotala a maso ndiponso chithandizo cha kuwala chotchedwa laser. A m'chigawo chapakati amapita ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Nkhoma, a kumpoto ku Mzuzu Central. Tengani buku lawo la kuchipatala, mankhwala onse amene akumwa ali m'mapaketi ake, ndi magalasi a pamsika aja. Adye kadzutsa ndipo munyamule kachakudya, chifukwa munthu wa shuga amene wamwa mankhwala n'kukhala pamzere mpaka masana ndi njala akhoza kuchita chizungulire.

Kupima kumene ndikunena sikuthera powerenga zilembo pakhoma. Zilembo zimangotiuza za kachigawo ka pakati kaja. Pafunika kudontheza mankhwala otanula mwana wa diso kuti kabowoko kakule, n'kudikira mphindi 20 kapena 30, kenako dokotala ayang'ane m'kati ndi nyali ndi kagalasi, kapena ajambule retina ndi kamera. Mankhwalawo amalasa pang'ono kwa kanthawi kochepa. Pambuyo pake maso amachita chimbuuzi ndipo dzuwa limathobwa kwa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndiye asapalase njinga kapena kuyendetsa galimoto tsiku limenelo. Chipewa chimathandiza. Ngati magazi akadali ambiri moti retina siikuoneka, pali sikani ya diso, yofanana ndi imene amapimira amayi oyembekezera, imene imasonyeza ngati retina ili m'malo mwake.

Akapeza mitsempha yatsopano ija, chithandizo chachikulu ndi laser. Mawu amenewa amaopsa anthu ambiri, ndipo ndamvapo m'mabenchi odikirira wina akunong'oneza mnzake kuti akakuotcha ndiye diso lapita. Ndikuuzeni mmene zimakhalira. Wodwala amakhala pampando, chibwano chili pachotsamira cha makina. Timadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, n'kuika kagalasi padiso, kenako timawalitsa timadontho ting'onoting'ono ta kuwala m'mbali mwa retina, kupewa pakati paja. Timadonthoto timakwana 1,000 kapena 2,000, mwina kuposerapo, ndipo nthawi zambiri timagawa maulendo awiri kapena atatu. Palibe kucheka, palibe kugonekedwa. Ena amamva kulasa kapena mutu kuwawa madzulo ake. Nzeru yake bambo aidziwa bwino chifukwa ndi mlimi. Paphando pakamera mbewu zambiri pamene chakudya n'chochepa, timapatulira kuti zotsalazo zikule. Laser imazimitsa mbali zina za retina zimene zikulira njala, kuti mpweya wochepa umene ulipo ukwanire pakati. Njala ikatha VEGF imachepa, ndipo mitsempha yanthete ija imafota yokha.

Sindikubisirani kuti pali mtengo wake. Pambuyo pa laser ena amaona movutikirapo usiku, ndipo kuona za m'mbali kumachepako. Laser siibweza kuona kumene kwatayika kale. Ntchito yake ndi kuteteza kumene kwatsala, ndipo pamenepa ndi pamene mbiri yoipa ija imachokera. Munthu amabwera mochedwa, retina itayamba kale kumatuka, timayesa laser, diso n'kupitirirabe kuipa, ndiye kumudzi nkhani imamveka yoti laser yapha diso. Koma kafukufuku wamkulu amene anachitika ku United States m'zaka za m'ma 1970, wotchedwa Diabetic Retinopathy Study, anasonyeza kuti chithandizochi chimachepetsa ngozi ya khungu ndi kuposa theka, ndipo kuyambira nthawi imeneyo chapulumutsa maso ambirimbiri padziko lonse.

Ngati madzi achuchira pakati, macula n'kutupa, munthu amaona zilembo zopindika ndi nkhope zosaoneka bwino. Pamenepo timagwiritsa ntchito jakisoni wobaya pachoyera cha diso, wa mankhwala oletsa VEGF monga bevacizumab, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Avastin. Kumva kumaopsa, koma diso limakhala lachita dzanzi ndipo kubayako sikutenga mphindi. Vuto lake n'lakuti amafuna kubwereza, poyamba mwezi ndi mwezi. Magazi akakana kuyera kapena zipsera zikayamba kukoka pakati, patsala opaleshoni yochotsa madzi onanda aja, imene imafuna katswiri wa retina ndi zipangizo zapadera. Ulendo wa sabata inowu cholinga chake n'chakuti bambo asafike kumeneko.

Za magalasi a pamsika. Munthu aliyense akapitirira zaka 40 kagalasi ka m'diso kamauma ndipo kuwerenga pafupi kumavuta, ndiye magalasi owerengera amathandizadi, ndipo saononga maso. Choipa chake n'chakuti apatsa bambo chitonthozo chabodza, ngati kuti vuto linali la magalasi. Palinso china chimene anthu a shuga ayenera kudziwa. Shuga akakwera kwambiri kagalasi ka m'diso kamamwa madzi n'kutupa, akatsika kamaphwa, ndipo mphamvu ya diso imasinthasintha motsatira zimenezo. N'chifukwa chake wina amati sabata yatha ndimaona bwino, sabata ino chimbuuzi. Kwa munthu amene amamwa mankhwala n'kumaleka, zimenezi zimachitika kawirikawiri. Musataye ndalama poyezetsa magalasi okwera mtengo shuga asanakhazikike kwa mwezi umodzi kapena iwiri, chifukwa mudzawasiya m'kabati.

Shuga amafikanso mbali zina za diso, ndipo dokotala akayang'ana zimenezi pa ulendo womwewo. Ng'ala imabwera msanga kwa anthu a shuga kusiyana ndi anzawo a msinkhu umodzi. Ubwino wake ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi ndipo munthu amaonanso, malinga retina kuseriko ikhale yamoyo. Matenda a glaucoma, amene madzi a m'diso amapanikiza mtsempha waukulu mpaka kuupha mwakachetechete, nawonso amapezeka kwambiri kwa anthu a shuga. Pali mtundu wake wina woopsa umene umabwera mitsempha yatsopano ija ikamera kutsogolo n'kutseka potulukira madzi. Umenewo ndiye umapweteka koopsa, diso kufiira ndi kulimba ngati mwala. Nthawi zina shuga amafooketsa mtsempha woyendetsa diso, munthu n'kuyamba kuona zinthu ziwiriziwiri kapena chikope kugwa. Kawirikawiri zimenezi zimabwerera m'malo pakatha miyezi itatu, komabe ziyenera kuonedwa tsiku lomwelo chifukwa matenda ena a mu ubongo amayambanso chimodzimodzi.

Tibwere ku nkhani ya mankhwala, chifukwa laser ikhoza kuzimitsa moto koma nkhuni zikumasonkhezedwabe kunyumba. Kumwa metformin thupi likafooka n'kuleka likakhala bwino ndi chizolowezi chimene ndachiona kwa anthu ambiri, ophunzira ndi osaphunzira omwe. Sindiwadzudzula, chifukwa matenda ambiri amene tinakula nawo, malungo kapena chifuwa, umamwa mankhwala, wachira, basi. Shuga sali choncho. Munthu akhoza kumva bwinobwino pamene shuga wake ndi wokwera kawiri kuposa mlingo, ndipo miyezi imene akumva bwinoyo ndi imene timitsempha tikuonongeka. Kafukufuku wa DCCT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1993, anapeza kuti anthu odalira jakisoni wa insulini amene anasunga shuga pafupi ndi mlingo anachepetsa ngozi yoyamba matenda a retina ndi 76 peresenti. Wina wa ku Britain, UKPDS, mu 1998 anasonyeza kuti kwa anthu a shuga wa akuluakulu, ngati wa bambo anu, kutsitsa BP kokha kunachepetsa kukula kwa matendawa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndiye mapiritsi a BP ndi mankhwala a maso nawonso, ngakhale papaketi sanalembepo choncho.

Ku kiliniki ya shuga pemphani kuti ngati n'kotheka awayeze HbA1c. Kuyeza kwa pachala kumangonena za ola limenelo, ndipo pali odwala amene amasala nsima dzulo lake kuti namwino asawakalipire. HbA1c imanena mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndipo kwa akuluakulu ambiri timafuna ikhale pafupi ndi 7 peresenti. Shuga wa m'mawa asanadye akhale pakati pa 80 ndi 130 pa makina owerenga mu mg/dl, kapena pakati pa 4.4 ndi 7.2 pa owerenga mu mmol/l. BP isafike 140/90, ndipo kwa ambiri timafuna itsikire cha ku 130/80. Awayezenso mkodzo ndi magazi kuti aone impso, chifukwa timitsempha ta m'impso timadwala limodzi ndi ta m'maso, ndiponso awavule nsapato ayang'ane mapazi. Chenjezo limodzi: munthu amene retina yake yadwala kale, shuga akatsitsidwa mothamanga kwambiri, maso amatha kuipirako kwa kanthawi. Si chifukwa chosiyira mankhwala ayi. Ndi chifukwa chakuti wa kiliniki ya shuga ndi wa maso adziwane, aliyense alembe m'buku lomwelo. Ngati metformin yokha siikukwanira ndipo awauza za insulini, asaope. Insulini siichititsa khungu. Anthu amaiyamba mochedwa, maso ataonongeka kale, ndiye mlandu umagwera jakisoni.

Pa chakudya sindichulukitsa, a kiliniki ya shuga akakuuzani zambiri. Nsima asaleke, koma mitanda ichepe, ya mgaiwa iposa ya ufa woyera, ndipo mbale idzaze ndiwo zamasamba, bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, pamodzi ndi nyemba kapena usipa. Tiyi wa masipuni atatu a shuga, thobwa lotsekemera ndi zakumwa za m'mabotolo ndi zimene zimakweza shuga mofulumira. Mchere uchepe chifukwa cha BP. Ngati amasuta fodya, ino ndi nthawi yosiya. Kaloti ndi wabwino koma sachiza retina imene shuga waiononga. Ndipo chonde, m'diso musalowe madzi a masamba, mizu, kapena mankhwala odontheza ogula pamsika popanda kulemberedwa. Vuto lili kumbuyo kwenikweni kumene dontho silifika, pamene kutsogolo zinthu zimenezi zimasiya zilonda. Mankhwala ena odontheza amene amayeretsa diso lofiira ali ndi mankhwala amphamvu otchedwa steroid, amene akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amabweretsa glaucoma ndi ng'ala.

Inunso mayi, poti ndinu mwana wawo, shuga wa mtundu umenewu amayenda m'magazi a banja. Kayezetseni, ndipo muuze abale anu. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi 6 mwa akuluakulu 100 alionse m'Malawi anali ndi shuga wokwera, ndipo mmodzi mwa atatu anali ndi BP. Aliyense amene wapezeka ndi shuga wa akuluakulu ayenera kupimitsa retina nthawi yomweyo, chifukwa matendawa amakhala atabisala zaka zingapo asanadziwike, ndipo ena pa tsiku loyambalo timawapeza maso atayamba kale. Kuchokera pamenepo ndi kamodzi pachaka, kaya akuona bwino kaya ayi. Ana ndi achinyamata odalira insulini amayamba kupimitsa pasanathe zaka 5 kuchokera pamene anawapeza ndi shuga. Mayi wa shuga akatenga pakati apimitse m'miyezi itatu yoyambirira, popeza mimba imatha kufulumizitsa matenda a retina.

Za feteleza, bambo sakulakwa kudandaula. Ndalama ndi imodzi ndipo mvula siidikira munthu. Koma polankhula nawo musawaopseze kapena kuwakalipira pamaso pa ana. Anthu akuluakulu ambiri amakana chipatala chifukwa cha mantha, akuopa kuti akauzidwa zoti achita khungu, ndiye amabisala kuseri kwa ndalama. Auzeni kuti dokotala wanena kuti diso layera pa nthawi yabwino, ndipo akapita tsopano chithandizo chake n'chokhala pampando, kubwerako tsiku lomwelo. M'zipatala za boma kupimidwa n'kwaulere, chachikulu ndi thiransipoti. Ngati pali malume kapena mkulu wa mpingo amene bambo amamumvera, m'pempheni akhalepo pokambirana. Madzulo ano apatseni Baibulo lija, aphimbe diso lakumanzere ndi chikhatho, awerenge ndime imodzi ndi lakumanja lokha, kenako asinthe. Ayang'anenso m'mphepete mwa chitseko ndi diso limodzilimodzi, aone ngati mzerewo uli wowongoka. Akapeza kusiyana, adzakhala atadzionera okha. Akapanda kupeza, ulendo ulipobe.

Podikira tsikulo, amwe mankhwala a shuga ndi a BP tsiku lililonse. Ngati analemberedwa aspirin asaleke okha, akamuuze dokotala. Agone mutu uli pamwamba ndi mapilo awiri kuti magazi otsala adikhe pansi, ndipo matumba a feteleza anyamule ndi anyamata. Utsi ukabweranso, akaona kuphethira ngati mphezi m'mbali mwa diso, kapena mthunzi ukutsika ngati katani, kapena diso likayamba kupweteka ndi kufiira, nyamukani tsiku lomwelo. Mukafika pawindo musangoti bambo akudwala maso, chifukwa akhoza kupatsidwa mankhwala odontheza n'kubwerera. Nenani kuti ali ndi shuga wa zaka 10 ndi BP, diso lakumanja linachita utsi mwadzidzidzi mwezi watha, ndipo mukupempha kuti awadontheze mankhwala otanula maso onse awiri n'kuyang'ana retina. Ngati pamalopo sangathe, pemphani kalata yopitira kuchipatala chachikulu musanachoke.